Khadi Lija Simunasaine, Agogo

ARVEL HUNSAKER
1944 – 2022

Agogo, lero zakwana zaka zitatu chichokereni. Zaka zitatu ndendende kuchokera Lachiwiri lija munagwa pafupi ndi thirakitala, chipewa chili m'manja, mbatatesi zili pakati pokololedwa. Tsiku limenelo mathiraki onse a ku Tilden anaima. Akuluakulu amati sizinachitikepo kuti chigwa chonse chizimitse mainjini nyengo yokolola, koma chifukwa cha inu anazimitsa.

Agogo aakazi a LaRue anandiuza kuti ndilembe mizere inayi basi. Ati, "Iwe Marni ndiye zala zako sizichoka pafoni, lemba kuti timawasowa, usatalikitse." Ndayamba kanayi, kanayi konse ndafufuta. Pepani, sikhala mizere inayi.

Chithunzi chili pamwambachi ndasankha ndine. Shati yoyera, tayi yabuluu ija, ndi mabolopeni atatu m'thumba la pachifuwa. Atatu nthawi zonse, kaya kutchalitchi, kaya kumunda. Ndili wamng'ono ndinakufunsani chifukwa chake, munati, "Ina yanga, ina ya wobwereka, ina ya wobwereka wosabweza." Kenako munaseka kuseka kwanu kuja kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. Munkanditchula Kachiwala chifukwa sindinkatha kukhala phee pabenchi. Mapemphero akatalika munkanditumizira switi kudzera m'manja mwa anthu asanu, inu muli kutsogolo nkhope ili gwa ngati simukudziwapo kanthu. Palibenso amene amanditchula Kachiwala. Shuwa ndimazisowa.

Zaka zisanu ndi zinayi munali pulezidenti wa siteki yathu, mipingo isanu ndi iwiri ya m'chigwa chino yonse ili pamapewa anu, osalipidwa, masana muli mlimi ngati wina aliyense. Anthu mpaka lero amandiimitsa kusitolo, "Ndiwe mdzukulu wa Pulezidenti Hunsaker eti?" Aliyense ali ndi nkhani yake. Ngalande yaikulu itaphulika madzi n'kulowa m'nyumba za kumunsi, munafika ndi amuna mazana awiri ndi mafosholo dzuwa lisanakwere. Amuna a Mayi Tolman atamwalira mbewu zili m'munda, munaimba mafoni, mathiraki makumi anayi anafika, munda wonse unatha tsiku limodzi. Munkati mpingo si nyumba ya njerwa ija, mpingo ndi mathiraki amene amafika usanawaitane. Zonsezi ndi zoona, sindikuchotsapo ngakhale chimodzi.

Koma pali nkhani imodzi imene pabanja pathu sitikamba, ndipo ine yandikwana.

Bambo anga a Lorin anamwalira mu 2013, inu mukudziwa bwino, munali woyamba kufika. Anagwira ntchito maola khumi ndi asanu ndi limodzi, anagona pachiwongolero, thiraki yodzaza mbatatesi inakagwera mu ngalande. Chaka chotsatira amayi, mwana wanu Janeal, anakwera thiraki okha chifukwa munda sukanadzikolola. Ndipo anagula fulasiki yobiriwira ija. Kwathu kuno mwana aliyense amadziwa kuti khofi ndi woletsedwa, ndipo womwa khofi sapatsidwa khadi lolowera m'kachisi, nyumba yopatulika ija yosiyana ndi tchalitchi, momwe timamangitsira maukwati amuyaya. Amayi ankadziwa. Ankamwabe, nyengo yokolola yokha, masabata atatu pachaka, kuti maso asatsekeke pamsewu womwe uja wa kungalande. Sankabisanso. Fulasiki inkakhala poyera kutsogolo kwa thiraki.

Kenako Shaylee, mkulu wanga, anapeza mwamuna. Ukwati unali wa mu Januwale 2016, m'kachisi, monga mwa banja la pulezidenti. Khadi la amayi linali litatha nthawi, ndiye anayenera kukafunsidwanso mafunso. Abishopu anawamvetsa, anasaina. Amayi anasaina. Unatsala mzere umodzi, wa ofesi yanu.

Amalume Dell anandiuza kuti wachiwiri wanu anadzipereka. Ati, "Pulezidenti, uyu ndi mwana wanu, ndisiyireni ine." Malamulo ankalola zimenezo. Inu munakana. Munati, "Ana a eni ndimawafunsa ndekha, wanga ndiye ndimuthawe?"

Zomwe zinakambidwa muofesimo amayi anandiuza kamodzi kokha, ndipo ndinaziloweza.

"Janeal, ukusunga lamulo la zakudya ndi zakumwa?"

"Bambo, mukudziwa kale."

"Pampando uno sindine bambo ako. Ndikufunsa."

"Ndinamwa komaliza mu Okutobala."

"Nanga Okutobala ikubwerayi?"

"Ndidzamwanso. Sindikufuna ana anga adzanditole mu ngalande ngati Lorin."

Akanatha kunama, agogo. Mawu amodzi okha, ayi, n'kutuluka ndi khadi. Anthu ambiri amatero, tonse timadziwa. Koma munawalera ndinu, ndipo munawaphunzitsa kuti bodza ndi loipa kuposa njala. Ati munatulutsa bolopeni, munaivundukula, munayang'ana khadi nthawi yaitali, kenako munaibweza m'thumba. Munati, "Likhala kwa ine. Tsiku limene udzasiye ubwere, ndidzasaina pomwepo."

Nthawi imeneyo ukakwatira kaye panja unkadikira chaka chathunthu usanakamangitse ukwati m'kachisi. Shaylee analira masiku awiri, koma sanasinthe. Sindimuda, anali ndi zaka makumi awiri, ndipo aliyense ankamuuza kuti za muyaya zimaposa za tsiku limodzi.

Tsiku la ukwatilo inu munali mkati, ndiye simunaone. Ine ndinaona. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, a msinkhu wanga salowa, ndiye ndinali panja ndi amayi. Chipale chili mbuu paliponse, mphepo ikuluma makutu. Kuli chipinda chodikiriramo chofunda, koma amayi anakana kulowamo, ati muli maso ambiri. Anavala dilesi yabuluu imene anasoka okha. Tinazungulira mpaka tinapeza kakona kuseri kwa khoma la kum'mawa kumene mphepo sinkafika. Amayi ena a mumpingo mwathu anadutsa akuthamanga ndi kachikwama kawo koyera, ati, "Janeal, wachedwatu, tiye!" Amayi anamwetulira n'kuti, "Pitani, ine ndikusunga mwana." Mwana wake ine, wamtali kuposa iwo.

Mphindi makumi anayi. Ndinkayang'ana foni ndiye ndikudziwa. Mwana wawo woyamba akukwatiwa kuseri kwa khoma lomwe anatsamiralo. Sanalire. Ankangondifunsa ngati zala zanga zikumvabe.

Zitseko zitatseguka munatuluka, munatiyang'anayang'ana mpaka munatipeza. Munavula jasi lanu n'kuwafunditsa amayi. Iwo analivula n'kundifunditsa ine. Pachithunzi cha pamasitepe chomwe chili pakhoma kwa agogo aakazi, amayi akuseka mano onse panja, ine ndili m'jasi lalikulu ngati chiopsezo cha m'munda. Alendo amati, "Banja lokongola bwanji!"

Kuyambira tsiku limenelo amayi sanapondenso kutchalitchi. Kwanu ankabwerabe Lamlungu lililonse kudzadya, ankatsuka mbale, munkakamba za madzi a mu ngalande ndi za chisanu ngati chibwere msanga. Zaka zisanu ndi chimodzi mukukamba za nyengo. Ine ndinkakhala pakati panu ndikusewera pafoni, osati chifukwa cha mwano monga munkaganizira, koma chifukwa chete ameneyo sindinkamupirira.

Ndipo chokhumudwitsa n'chakuti simunali munthu wouma mtima. Mukanakhala wouma, bwenzi zili zosavuta. M'mawa uliwonse nyengo yokolola munkafika kumunda kwathu amayi asanadzuke, n'kuyang'ana matayala ndi mabuleki a thiraki yawo, n'kuchoka. Munkaganiza kuti sitikuonani. Tinkakuonani pawindo la kukhitchini. Fulasiki munkaiona pamenepo, simunaikhudzepo.

Za pamaliro panu mwina simukuzidziwa. Holo ya kutchalitchi inadzaza mpaka anatsegula mbali ya masewera. Titachoka kumanda anthu anaima pamzere kutipepesa, amayi atanyamula mbale yaikulu ya mbatatesi za tchizi zija zimaphikidwa pamaliro aliwonse. Anafika M'bale Udy, wamakina uja, misozi ili chuchuchu, n'kugwira dzanja la agogo aakazi. Ati, "Munthu uyu anali wachifundo. Mwana wanga akukwatira, ine ndinali ndikununkhabe fodya. Ndinamuuza zoona. Anandiyang'ana n'kuti, lowa m'bale, ukasiyira mkatimo. Anasaina. Ndipo ndinasiyadi!"

Sankadziwa kanthu, munthu wosalakwa. Pambuyo pake anabwera wina ndi nkhani yofanana, kenako winanso. Amayi anatsitsa mbale ija pathebulo pang'onopang'ono ngati muli mwana wogona, anapukuta manja, anatuluka. Ndinawapeza atakhala mu thiraki, manja onse pachiwongolero, injini yozimitsa.

Ndiye kuti chifundo munali nacho chambiri, agogo, chokwanira chigwa chonse. Chinangothera pakhomo panu. Munkaopa kuti anthu adzati Hunsaker amakondera ake. Palibe ananenapo zimenezo, zoona, mbiri yanu inapita kumanda yoyera ngati shati yanu. Koma amene anailipirira ndi mayi anga, kuseri kwa khoma.

Tsopano ndikuuzeni chomwe ndalembera zonsezi. Ndikukwatiwa. Dzina lake Stetson, anabwerako kokalalikira ku mishoni chaka chatha, amakonza mapampu a madzi. Mukanamukonda, nayenso sachedwa pa chilichonse. Makhadi athu tonse awiri ali bwinobwino, osainidwa mizere yonse. Tsiku linasankhidwa, Loweruka lomaliza la mwezi uno, kachisi yemwe uja.

Nditawauza amayi anandikumbatira, kenako ati, "Iwe ukalowe, usadandaule za ine. Ndikudziwa pamene mphepo siwomba."

Anazinena akuseka.

Masiku ano lamulo lija linasintha, munthu ukhoza kukwatira panja n'kukalowa m'kachisi pambuyo pake osadikira chaka. Ndiye ndinamuuza Stetson kuti ine ndikufuna ukwati umene mayi anga adzaime pambali panga, ngakhale mu shedi ya mathiraki kwathu. Anakanda mutu, ati, "Amayi anga akomoka." Sanakomoke, koma anandiitanira pambali n'kundifunsa monong'ona, "Mwana wanga, pali chomwe ukufuna kundiuza? Anthutu aziti uli ndi pakati." Stetson atamva anati, "Asiyeni awerenge miyezi, atopa okha." Shaylee ananditumizira meseji yaitali kuti ndikumuchititsa kuoneka ngati iye ndi woipa.

Koma wovuta ndi agogo aakazi. Ati mdzukulu wa Arvel Hunsaker sakwatira mu shedi ngati munthu wopanda kwawo. Ati inu mudzakhala mukundidikira m'kachisimo, mudzayang'ana pakhomo osandiona. Sabata yatha anandiitana kunyumba. Anapita kuchipinda, anabwera ndi buku lanu la malemba, lachikopa lija, anatsegula pakati n'kutulutsa kanthu.

Khadi lija, agogo.

Amalume Dell ndi amene analipeza. Mutamwalira, tsiku lomwe anapita kukakuvekani zoyera za m'kachisi, anapatsidwa zovala zomwe munagwa nazo, ndipo m'kachikwama kanu ka m'thumba, kuseri kwa laisensi, munali khadi la amayi. Anapatsa agogo aakazi, iwo anabisa zaka zitatu osauza munthu. Ati, "Taona. Agogo ako ankamudikira mwana wawo tsiku ndi tsiku. Wouma mutu ndi mayi ako. Iwe usawachititse manyazi agogo ako."

Ndinalitenga. Makona ake anafewa ngati nsalu. Dzina la amayi, siginecha ya abishopu, siginecha ya amayi, kenako mzere wanu wopanda kanthu. Koma si wopandiratu kanthu. Nditayatsa tochi ya pafoni ndinaona timadontho ta inki koyambirira kwa mzerewo. Ndinawerenga, tilipo tisanu ndi tiwiri, tina tabuluu tina takuda. Kasanu ndi kawiri munaika bolopeni pamenepo n'kuichotsa.

Ndakhala ndikuganiza kuti munkachita zimenezi muli kuti. Muofesi anthu atapita? Mu thirakitala? Ndipo mu 2018 atakumasulani pa udindo, mphamvu yosaina inatha, khadi lenilenilo linali litatha kale ntchito, linasanduka kapepala chabe. Munayendabe nalo zaka zina zinayi. Munagwa nalo m'munda.

Agogo aakazi anandipatsa kuti ndisinthe maganizo. Kwa tsiku limodzi zinatheka ndithu, ndinalira, ndinati mwina ndikulakwira munthu wakufa. Kenako ndinaona kuti mwini wake wa khadili sindine.

Dzulo masana ndinapita kumunda. Kukolola kuli mkati, amayi anali pamzere wa mathiraki kudikira kutsitsa, fumbi lili kumaso, fulasiki ili pamalo pake. Ndinakwera mbali inayo.

"Wabwera kudzathandiza kapena kudzajambula?" anatero.

Ndinangowapatsa.

Anavula magolovesi. Analiyang'ana kutsogolo, analitembenuza, analitembenuzanso. Ndinawauza kumene linapezeka. Ndinawaonetsa timadontho tija, ndinati, "Amayi, taonani, ankafuna. Kasanu ndi kawiri."

Anapititsa chala pamzere uja. Ndinkadikira kuti alire, kapena atukwane, kapena anene kuti basi zatha, ndawakhululukira. Ndinkafunitsitsa atanena zimenezo kuti ndidzakulembereni lero.

Anati, "Mabolopeni anali nawo atatu."

Basi. Anandibwezera khadi. Mzere wa mathiraki unasuntha, thiraki ya kumbuyo inaliza hutala, inalizanso, amayi osasuntha. Dalaivala anatsika akubwera ndi ukali, atawaona kumaso anabwerera ku thiraki yake. Patapita nthawi anavala magolovesi, anamwa khofi pang'ono, n'kuti, "Tsika Marni, mbatatesi sizidikira."

Ndiye mumve kwa ine, musamve kwa ena. Loweruka lomaliza la mwezi uno ndikukwatiwa mu shedi ya mathiraki kwathu. Amalume Dell alonjeza kutulutsa makina ndi kusesa. Abishopu avomera kudzatimangitsa. Amayi adzaima kumanja kwanga, pafupi moti ndidzamva kupuma kwawo. Za kachisi tidzaona pambuyo, Stetson akuti adikira, ine sindinalonjeze tsiku. Mwina mukhumudwa. Munandiphunzitsa kupemphera, munandibatiza ndi manja anu, ndipo sindinasiye kukhulupirira zambiri zomwe munandiuza. Koma ine ndinaimapo kale kuseri kwa khoma lija, ndikudziwa kutalika kwa mphindi makumi anayi. Sindingakhale mbali inayo.

Agogo aakazi sanandiyankhe ngati abwera. Mameseji anga akuwerenga, ndikuona, koma ali chete. Akaona chikumbutsochi mwina ndiye sabweranso n'komwe. Mpando wawo ndiwasungira kutsogolo.

Amakusowani kwambiri, agogo. Amaikabe mbale ziwiri pathebulo kenako n'kubweza imodzi. Shati zanu zoyera zili m'kabati zositasita. Amalume Dell akafika pamalo munagwera paja amazimitsa wailesi. Shaylee mwana wake wamwamuna anamutcha Arvel, ali ndi makutu anu. Ndipo amayi, amene satchula dzina lanu, m'mawa uliwonse asanakwere thiraki amaizungulira n'kumenya matayala onse ndi phazi, ndendende mmene munkachitira inu. Musaganize kuti sakulirani. Amakulirani kuposa tonsefe, kungoti alibe poyambira.

Lero m'mawa ndinabwera kumanda kwanu. Udzu wauma, maluwa apulasitiki a agogo aakazi apauka. Khadi lija ndalisiya pamwala wanu, pansi pa dzina, ndalitsindika ndi kamwala kuti mphepo isaliuluze. Pambali pake ndaikapo bolopeni yanu imodzi, yabuluu, ndinaitenga m'kabati osapempha. Ndine wobwereka uja wosabweza, koma lero ndabweza.

Munkatiphunzitsa kuti kumene muliko ntchito siitha, anthu amaphunzirabe, amakonzabe zomwe analakwitsa. Ngati zili zoona, mukudziwa pamene pali mzere.

Kukuiwalani ndiye ayi, agogo. Zabwino zanu ndi izi zomwe, tisunga zonse.

Ndine Kachiwala wanu, Marni,
m'malo mwa banja lonse.